Mwala umene unagwetsa dzina la amalume

Ndine wosema ziboliboli, ndipo dzanja langa linakulira pamtengo. Kwathu ku Dedza ndinayamba ndili mnyamata, kusema phingo ndi mlombwa, ndipo mitengoyo itayamba kusowa ndinalowa ku mtengo uliwonse umene ungalole sompho. Za miyala ndinazimva kwa amalume anga, amene anakhala zaka zambiri ku Zimbabwe akugwira ntchito m'minda ya fodya cha ku Guruve. Kufupi ndi kumeneko kuli mudzi wa osema miyala wotchedwa Tengenenge, umene Tom Blomefield anauyambitsa mu 1966, ndipo ambiri mwa osema oyambirira anali anthu obwera kudzagwira ntchito m'mafamu, ochokera kuno ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique ndi ku Angola. Amalume sanakhale wosema wotchuka, koma anagwirako tchizulo, ndipo akandipeza ndikudandaula za mitengo ankati, "Mphwanga, miyala yonseyi ukuiponda tsiku ndi tsiku, bwanji osaiyesa?"

Anatisiya mu 2015. Achibale titakhala pansi kukambirana za chiliza, ena ankafuna cha simenti, ena cha matailosi. Ine ndinapempha kuti andilole ndiseme chamwala ndi manja angawa, popeza ndiwo mawu amene malemuwo anandisiyira. Anavomera.

Ndinayamba ndi miyala yakwathu, ndipo ndinathyola matchizulo atatu pasabata imodzi. Ukamenya, tchizulo chimangodumpha, moto n'kuthetheka, pamwalapo n'kutsala kadontho koyera basi. Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti mwala umene amalume ankaunena ndi wina, serpentine, mwala wofewerapo wa ku mapiri a Great Dyke ku Zimbabwe, pomwe mapiri a ku Dedza ndi a granite ndi gneiss, miyala imene inaphikidwa ndi kupanikizidwa pansi penipeni pa nthaka. Ku Chongoni makolo anajambula pamiyala yotereyi ndi utoto, ndipo ndinamvetsa chifukwa chake sanaigobe.

Mwala wina ndinaupeza kwa apongozi anga, kumadzulo kwa boma la Chikwawa. Tsiku lina m'mawa ndinaona apongozi aamuna akunola chikwanje pamwala wofiirira, wotuwa pang'ono, umene unali utadyeka pakati ngati mphero. Nditaukhudza unali wokhakhala ngati sandipepala. Ndinaukanda ndi msomali ndipo msomaliwo unasiya mzere wooneka bwino. Mtima unagunda. Anyamata ananditengera kukhwawa lina kumene miyala yotere inali mbwee, ina yaphanthiphanthi ngati zitseko, itagona pamtunda pomwepo osafuna n'kukumba komwe. Ndinasankha umodzi waukulu wosalala, tinaukweza pangolo, kenako palole, kukwera chitunda cha ku Blantyre mpaka kumudzi.

Unasemeka mosavuta moti ndinkaimba pogwira ntchito. Pamasabata atatu ndinali nditalemba dzina, zaka, ndi kachithunzi ka dzanja litagwira tchizulo. Tinauimika chilili kumutu kwa manda mu Seputembala 2016, ndipo anthu anabwera kudzaugwira ndi manja.

Mvula ziwiri zokha zinakwana. Chakumayambiriro kwa 2018 mlongo wanga anandiimbira foni n'kunena kuti, "Achimwene, dzina la amalume lagwa." Ndinaganiza kuti mwala wagwa, kapena ng'ombe zaugunda. Nditafika ndinapeza mwala uli chiimire, koma nkhope yake itafundukuka ngati khungwa la bulugamu. Theka la dzina linali pansi, zilembo zili bwinobwino pachibenthu chopyapyala ngati chikhatho. Ndinatola chibenthucho n'kukhala pansi nthawi yaitali. Palibe wachibale amene anandinena, ndipo kukhala chete kwawoko kunandipweteka kuposa mawu.

Ndikulemba izi kuti wina amene akufuna kuchoka pamtengo kupita pamwala asadutse njira imeneyi.

Chibenthu chija ndinapita nacho ku Chikwawa. M'mudzi mwa apongozi muli bambo wina wachikulire amene anagwira ntchito yokumba mijigo zaka zambiri, ndipo anthu amati nthaka ya m'chigwa cha Shire amaidziwa ngati chikhatho chake. Anachilandira, n'kuchiuzira mpweya wa m'kamwa kawiri, n'kuchinunkhiza. Kenako anachifikisa ndi chala chachikulu ndipo mchenga unayoyoka.

"Akamwini, tanunkhizani," anatero.

Chinkanunkha ngati dothi likalandira mvula yoyamba.

"Limenelo ndi dongo. Mwala wanuwu ndi mchenga womatidwa ndi dongo. Ndipo munautola pamtunda, pamene wakhala ukupsa ndi lupsa chaka ndi chaka. Koma chachikulu, munauimika pamene Mulungu anaugoneka."

Ndinawapempha kuti, "Bambo, ndiphunzitseni kuyambira pachiyambi, ine ndine wa mitengo." Tinayenda limodzi masiku anayi m'makwawa, kunja kukutentha moti madzi a m'botolo ankakhala ngati a tiyi, ndipo zimene ndinaphunzira ndi izi, pamodzi ndi zina zimene ndinadzaonjezera ndekha.

Mwala umenewu akatswiri a miyala amautchula kuti sandstone, ndipo dzinalo likunena zoona: ndi mchenga. Kalekale mitsinje inkanyamula mchenga n'kuuyala m'zigwa, chaka ndi chaka, mphasa pamwamba pa mphasa. Mchenga wapansi unapsinjika, ndipo madzi oyenda pakati pa timchengato anasiyamo zinthu zimene zinatimata pamodzi. Choncho mwala uliwonse wotere uli ndi zinthu zitatu zimene wosema ayenera kuzifunsa: timchenga take n'totani, chinatimata n'chiyani, ndipo mphasa zake zagona bwanji. Ine ndinali nditangofunsa funso limodzi, loti kodi tchizulo chilowa, ndipo limenelo ndi funso losocheretsa, chifukwa mwala wovunda ndi umene umalola tchizulo msanga kuposa yonse.

Mbali yaikulu ya dziko lathu ilibe mwala umenewu. Pansi pa Lilongwe, Dedza, Ntcheu ndi Blantyre pali miyala yakale kwambiri yolimba ija, ndipo mapiri a Mulanje ndi Zomba ndi a syenite ndi granite. Mwala wamchenga umapezeka m'zigawo zochepa, makamaka m'miyala imene akatswiri amaitcha Karoo, imene inayalidwa pakati pa zaka pafupifupi 300 miliyoni ndi 180 miliyoni zapitazo. Kum'mwera ili kumadzulo kwa chigwa cha Shire, cha ku Lengwe ndi ku Mwabvi. Kumpoto ili cha ku Livingstonia ndi Chiweta m'boma la Rumphi, ndiponso m'madera ena a Karonga. Bambo aja anandipatsa chizindikiro chosavuta: kumene mwamva kuti kuli malasha a pansi, mwala wamchenga suli kutali, chifukwa zinayalidwa m'zigwa zomwezo. N'chifukwa chake uli kufupi ndi mgodi wa malasha wa Mchenga, ndipo tsidya lina la malire uli ku Moatize m'chigawo cha Tete. Mapu osonyeza kumene kuli miyala yamtundu uliwonse amapezeka ku nthambi ya boma yofufuza za miyala ku Zomba, ndipo ndikanayamba ndi mapu amenewo sindikanathyola matchizulo anga ku Dedza.

Pali msampha umodzi umene ndaona anzanga awiri akugweramo. Gneiss nayenso ali ndi mizere, ina yoyera ina yakuda, ndipo munthu amaganiza kuti wapeza mphasa zija. Gulani kagalasi kokulitsa zinthu, kotchipa komwe, muthyole kachidutswa n'kuyang'ana pamalo pothyokapo, osati kunja kumene kwachita ndere. Mu gneiss ndi granite timiyala take n'tolumana, tolowana ngati mano a zipi, ndipo mumaoneka tina tonyezimira tophanthalala. Mumwala wamchenga mumaona timchenga patokhapatokha, tina tobulungira, ngati shuga wonyowa amene wauma n'kugwirana. Ukathyoka umathyoka mozungulira timchengato, ndipo pothyokapo pamakhala pokhakhala, posawala. Mukaona pothyokapo pali posalala ngati galasi, timchenga tomwe tathyoka pakati, ndiye kuti mwagwira quartzite, mchenga umene unaphikidwa n'kusanduka chinthu chimodzi. Usiyeni, ndi wolimba kuposa zitsulo zanu.

Apa pali chinthu chimene chinandizunguza mpaka bambo aja atachifotokoza. Timchenga tambiri ta mumwalawu ndi quartz, mtundu womwewo wa nsangalabwi zoyera za mumtsinje. Pamuyeso wa kulimba kwa miyala wotchedwa Mohs, umene umayambira pa 1 kufika pa 10, quartz ali pa 7, pomwe mpeni wamba uli cha pa 5 ndi theka. Ndiye tchizulo chimalowa bwanji? Sichidula timchengato ayi, chimangotigumula pa chimene chinatimata. N'chifukwa chake mwala womwewo umene ukusemeka ndi umenenso umanola chikwanje, ndipo ukaukhutiza pabotolo umalikanda. Kufewa kapena kulimba kwa mwala wamchenga kuli mu chomatira chake, ndipo moyo wa chosema chanu pamvula uli momwemonso.

Chomatira chimenechi chimadziulula mukachifunsa bwino. Dongo limamveka fungo mukauzira mpweya kapena kudonthezapo madzi, ndipo mwala wake umayoyoka mukaufikisa ndi chala. Umenewo ndi wa m'nyumba basi, ngati n'koyenera kuusema n'komwe. Ngati chomatira ndi laimu, kandani pang'ono kuti patuluke ufa, mudonthezepo viniga, muyike khutu pafupi: mumva kuthetheka ndipo muona tithovu. Viniga ndi wofooka, choncho musafulumire, yang'anani ndi kagalasi kaja. Mwala wotere umasemeka bwino, koma panja madzi amaudya pang'onopang'ono. Kufiira kapena kuoneka ngati dzimbiri kumasonyeza chitsulo, koma mtundu pawokha sunena za mphamvu, chifukwa wanga umene unafundukuka unalinso wofiirira. Wolimba kwambiri ndi womatidwa ndi silica, chinthu chomwecho chimene chimapanga quartz: suchita thovu, sununkha dothi, suyoyoka, ndipo umakutopetsani. Umenewo ndiye wa kumanda ndi wa pabwalo.

Mukaona timiyala tofiirira ngati nyama ya nsomba pakati pa mchenga wokhakhala, ameneyo ndi feldspar, ndipo mwala wokhala naye wambiri amautcha arkose. Feldspar akavunda amasanduka dongo, choncho pamafunika kusamala. Ndionjezere kuti ku Kayelekera m'boma la Karonga uranium amapezeka mumwala wamtundu womwewu. Ine sindingatole mwala wosema kufupi ndi malo otero, ngakhale utakongola bwanji, popeza fumbi lake lidzathera m'chifuwa mwanga.

Mayeso amene ndimawakhulupirira kuposa onse ndi a madzi, ndipo safuna ndalama. Tengani kachidutswa kangati chibakera, mukaumitse padzuwa masiku angapo, mukayeze pasikelo ya kugolosale, mukaviike m'ndowa usiku ndi usana wathunthu, mukapukute n'kukayezanso. Chitani chimodzimodzi ndi tizidutswa ta m'malo atatu kapena anayi, ndipo kamene kalemera pang'ono kuposa tinzake ndi kamene kamamwa madzi pang'ono. Yang'ananinso pansi pa ndowa: mukapeza mchenga kapena madzi achita matope, yankho mwalipeza. Ine ndimabwereza kuviika ndi kuumitsa kakhumi ndisanalipire ngolo. Kachidutswa kena ka chiliza choyamba chija nditakayesa chonchi, pofika ulendo wachinayi kanali katagawika pawiri kokha m'ndowa. Masabata awiri a kudekha akanandipulumutsa.

Kenako khutu. Ikani mwala pamitengo iwiri kuti usakhudze pansi, muugogode ndi hamala m'malo osiyanasiyana. Wabwino umalira ngati khasu likagundana ndi linzake. Ukamveka kuti phu, ngati mukugogoda dzungu, muli mng'alu wobisika kapena mphasa yadongo mkati.

Tsopano za mphasa, pamene panagona kulakwa kwanga kwenikweni. Thirani madzi pambali pa mwala ndipo mizere idzaoneka, ina yowongoka, ina yopendekeka kumene mtsinje wakale unkasuntha mchenga. Pamizere imeneyi ndi pamene mwala uli wofooka. Uli pathanthwe lake, mphasazo zimagona chopingasa, ina pamwamba pa inzake, ndipo kulemera kumazitsekera. Ine ndinatenga mwala waphanthiphanthi n'kuuimika chilili, ndiye kuti mphasa zonse zinaima ngati masamba a buku loimikidwa, m'mphepete mwake mukuyang'ana kumwamba. Mvula inkalowa pamwamba n'kutsika pakati pa masambawo, dongo n'kufufuma, dzuwa n'kuliumitsa, mpaka tsamba lakutsogolo, limene ndinalembapo dzina, linalekana ndi anzake. Chinyezi chokwera kuchokera m'nthaka chinathandizira kumunsi. Kuphanthalala kumene kunandikopa kukhwawa kuja kunali chenjezo lakuti mwalawo umang'ambika wokha.

Lero ndisanasunthe mwala pamalo pake ndimalemba ndi penti mbali imene yayang'ana kumwamba, ndipo chosema chikatha chimakhala momwemo. Ndikafuna chinthu chachitali ndimafunafuna mphasa yochindikala, yopanda mizere yambiri mkati, kapena ndimasanja zidutswa ziwiri zitatu chogona. Ndipo sinditolanso wapamtunda. Timachotsa wovunda wapamwamba mpaka mtundu wa mwala utasintha ndi kulira kwake kutamveka. Wongofukulidwa kumene umakhala ndi chinyezi chake ndipo umasemeka mofewerapo, n'kumalimba ukamauma, choncho ntchito yogumula zikuluzikulu ndimaiyamba msanga.

Musaiwale kuti mwala uli ndi eni ake. Ku Lengwe ndi ku Mwabvi ndi malo otetezedwa, simungatolemo kanthu, ngakhale matanthwe a ku Mwabvi ndi okongola moti wosema amameza malovu. Kunja kwa malo amenewa yambirani kwa mwini munda ndi kwa amfumu, ndipo ngati mukufuna yambiri yochitira malonda kafunseni ku khonsolo za chilolezo. M'miyala imeneyi mumapezekanso zidindo za masamba akale ndi mafupa osanduka mwala. Ku Chiweta kunapezeka mafupa a nyama zakale kuposa ma dinosaur, ndipo m'miyala ina yocheperapo zaka ku Karonga munatuluka dinosaur wotchedwa Malawisaurus, amene chifanizo cha mafupa ake chili m'nyumba yosungiramo zakale ya ku Karonga. Mukakumana ndi chotere musachiseme, kauzeni a zosunga zinthu zakale.

Mwala wachiwiri tinaupeza mu Julayi 2019, patali ndithu ndi khwawa loyamba, pansi pa mphasa ziwiri zovunda. Unali wotuwa, wa timchenga tating'ono tofanana, wosanunkha kanthu, ndipo unalira bwino mbali zonse. Unanditengera miyezi itatu m'malo mwa masabata atatu. Matchizulo anga osulidwa kuchokera ku sipuling'i ya galimoto ankabuntha pa mphindi zochepa, moti ndinkanola kuposa kusema, mpaka ndinagula awiri a nsonga ya tungsten ku Blantyre. Ndinaphunziranso kuti mwala wamchenga sufuna zimene ndinazolowera pamtengo. Zala zopyapyala, makutu osongoka ndi tizilembo tating'ono zimagumuka. Umafuna zinthu zazikulu, zobulungira, zilembo zakuya. Suwalanso ngati serpentine wa ku Zimbabwe amene amamutenthetsa n'kumupaka phula. Kukongola kwake kuli m'kukhakhala komweko, ndipo pomaliza ndimaukhutiza ndi chidutswa cha mwala womwewo ndikuthira madzi. Musaupake vanishi kapena penti yamafuta poganiza kuti mukuuteteza, chifukwa chinyezi chikatsekeredwa mkati chimafundula nkhope yonse.

Chinthu chimodzi ndikuchinena ndi mtima wonse, chifukwa ndinachinyalanyaza pachiliza choyamba. Fumbi la mwala umenewu ndi quartz wopereka, ndipo likalowa m'mapapo silituluka. Limayambitsa matenda otchedwa silicosis, omwe aja anabwera nawo azibambo athu ambiri amene anapita ku Theba kukagwira ntchito m'migodi ya golide ku South Africa. Alibe mankhwala ochiza, ndipo amatsegulira njira chifuwa chachikulu cha TB. Fumbi loopsa kwambiri ndi losaoneka ndi maso. Semani panja, mwala uzikhala wonyowa nthawi zonse, musasese fumbi louma, ndipo ana asasewere pamalopo. Kansalu kapamphuno sikateteza, pamafunika masiki yeniyeni ya fumbi, monga N95, yogwira bwino kumaso, ndi magalasi a m'maso. Chopukusira chamagetsi pamwala wouma ndiye choipitsitsa, ndipo ine ndinasiyiratu kuchigwiritsa ntchito chopanda madzi.

Chiliza chatsopanocho sichachitali. Ndi mwala wochindikala wogona monga tinaupezera, wokhala pamaziko okwera pang'ono kuti usamwe chinyezi cha pansi, ndipo pamwamba ndinausema mopendekeka kuti madzi asaime. Dzina lili kumbali, lodula mphasa mopingasa, zilembo zakuya moti chala chimalowa. Bambo a mijigo aja anakwera nafe basi mpaka ku Dedza kudzaona tikuukhazika, ndipo kuzizira kwa kwathu kunawavuta moti anagona ndi mabulangete atatu. Asanabwerere anazungulira manda, n'kugogoda mwalawo ndi mphete yawo, n'kuyika khutu.

Chaka chilichonse mvula ikatha ndimapita kukalambula, ndipo ndimayendetsa chikhadabo m'mizere yonse kuona ngati pali potseguka. Mpaka pano palibe. Chibenthu chija chokhala ndi theka la dzina ndinachisunga pashelefu pamene ndimagwirira ntchito, ndipo mnyamata aliyense wobwera kudzaphunzira ndimayamba ndamupatsa kuti achiuzire mpweya, achinunkhize.